Beseni Limodzi, Mabizinesi Atatu

Nthano iyi anandiuza ndi mayi Nankhoma, Ambuye awasunge, tikusesa m'tchalitchi Loweruka lina. Sindiwonjezerapo kanga.

Chaka cha njala, a Njovu a kukhonsolo analengeza kuti athandiza osauka kuyamba bizinesi. Koma thandizolo, anatero, ndi la okhawo amene ali ndi bizinesi kale.

"Koma ndiye anaphunzira anthuwa!" anatero Gologolo, m'mimba mukulira.

Iye, mayi Nungu ndi a Kamba anasonkherana ufa wotsala, nakazinga zitumbuwa beseni limodzi. Aliyense anayala thumba pakhomo pake ngati wamalonda.

Tsiku loyendera, a Njovu anafika ndi mlembi wawo, a Mvuu. Anayambira kwa mayi Nungu, kumene kunali beseni lija.

"Ikuyenda bizinesi, mayi?"

"Ikuyenda, bwana."

"Tilaweko, kuti tikalembe zoona mu lipoti."

Analawa mpaka beseni kufika pakati. A Njovu atayamba kudziyamikira, maso ali kumwamba, Gologolo anasenza beseni lija, kudzera kuseri kwa zimbudzi, n'kukalitula kwa a Kamba.

Atafika kumeneko, a Mvuu anaima. "Beseni ili ngati ndaliwonapo."

"Tinagula m'sitolo imodzi, bwana," anatero Gologolo.

"Nanga chigambachi?"

"Wowotcherera ndi mmodzinso."

"Mgwirizano umenewo!" anafuula a Njovu. "Tilawenso."

Gologolo anathamanganso nalo kwawo, koma ulendo uno linali lopepuka modandaulitsa. Munatsala mafuta ndi nyenyeswa basi. Thukuta linayamba kumutsika.

"Iwe, katundu ali kuti?" anafunsa a Njovu.

"Watha, bwana. Makasitomala anga ndi akuluakulu okhaokha. Akafika sasiya kanthu."

"Mwamva, a Mvuu? Asanakwane n'komwe masana! Lembani kuti uyu ndiye chitsanzo."

Mayi Nungu ndi a Kamba analandira masatifiketi okongola, oti ungawawiritse tsiku lonse osafewa. Gologolo anawaseka mpaka kugubuduka, poti iye analonjezedwa thandizo lalikulu.

Linafikadi, patatha miyezi isanu ndi inayi: njinga ya kabaza yatsopano, yoyezera pa miyendo ya a Njovu. Anamunyamula n'kumukhazika pachishalo. Anasuzumira pansi, mapedulo ali uko ngati kutsidya kwa mtsinje. Anamujambula, anawomba m'manja, galimoto n'kuliza hutala, ulendo.

Mayi Nankhoma anamaliza motere: "Mpaka lero akadali pachishalopo, mwana wanga, nthiti zili mbee. Koma mu lipoti, ayi ndithu, ananenepa."