Mnyamata Amene Anafulumizitsa Maselo

Panali mnyamata wina, mutu wakuthwa koma phuma lokhalokha, amene ankagwira ntchito mu labotale. Ankalera maselo m'kambale, tija tinthu tosaoneka ndi maso timene timamanga thupi. Akewo anali osakhwima, oti sanasankhe mtundu woti akhale. Ukawadyetsa bwino n'kuwadikira, amabereka maselo a ubongo, mtundu woyamba kaye, wina pambuyo, monga zimachitikira mwana akadali m'mimba.

Maselowo anawapanga kuchokera ku magazi a kamwana kobadwa ndi mutu waung'ono. Mayi ake analola jakisoni kamodzi kokha, kamwanako kanalira kwambiri. Mayiyo anangoti, "Mundiuze chimene chinalakwika, ndisanatenge mimba ina."

Tsiku ndi tsiku mnyamata uja ankasuzumira pa maikulosikopu. Maselo ali phee, obulungira, kumangogawikana. Chojambula palibe. Pa gulupu anzake akuponya zithunzi za maselo a nthambi, owala ngati tauni, iye alibe choponya.

Mtsikana amene ankagwira naye ntchito anamuona atanyamula kabotolo ka mankhwala okhwimitsa maselo msanga.

"Aise, bweza kameneko. Obulungirawo ndi amene amabereka enawo. Akatha iwowa, basi, kwatha."

"Sisi, ine sindinapite ku yunivesite kuti ndiziweta mazira a chule."

Anathira.

Posakhalitsa maselo onse anatulutsa nthambi. Kukongola kwake, eee! Anajambula, kuika pa sitetasi, foni n'kumalira tsiku lonse. Ndiye anakhala pansi kudikira mtundu wachiwiri, umene ankaukayikira kuti ndi pamene vuto la mwana uja linayambira. Sunabwere. Ubwera bwanji? Wobereka sanatsale ndi mmodzi yemwe. Onse anali atakhwima nthawi imodzi, ndipo anakalamba n'kufera m'kambale momwemo.

Mayi uja anabwera, mwana kumsana, fumbi la minibasi lili m'tsitsi.

"Achimwene, mwapeza chiyani?"

Mnyamatayo anatulutsa foni, n'kuwaonetsa chithunzi. Mayiyo anachiyang'ana ndithu, mwaulemu.

"Chokongola. Ndiye nditenge mimba, kapena ndisatenge?"

Mnyamatayo anabweza foni m'thumba. Mayiyo anakonza chitenje, n'kubwerera kwawo ndi funso lawo.

Ndiye inu mafana mumanditopetsa, zoona. Kanthu kakangophukira, foni ili kale m'manja. Kakachedwa kuoneka, mwayamba kukakoka kuti anthu aone kuti muli pa ntchito. Mwana wanu yemwe akungophunzira kulemba dzina, mwamuuza kale kuti ndi dokotala. Zina zimene mukuti zangokhala phee, zili pakati pobereka. Zisiyeni zimalize! Chifukwa tsiku likubwera, munthu adzaima pamaso panu ndi funso lenileni, ndipo chithunzi sichidzamuyankha.