Odwala Amene Anachira Papepala

Kuseri kwa chipatala china chaching'ono cha kufupi ndi Namitete kunali chipinda cha mafizo, kumene anthu ofa ziwalo ankaphunziranso kuyenda atagwira nsungwi ziwiri zokhomedwa pansi. Nsungwizo anazikhoma ndi Damiano, mkulu wa chipindacho, ndipo ankazinyadira ngati mwana wachisamba. Womuthandiza anali Eunice. Awiriwa anali pa ubwenzi wamseri, ndipo anapangana zoti ukwati ulengezedwe kutchalitchi Damiano akangopeza malo a maphunziro apamwamba.

Malowo ankaperekedwa kwa amene kafukufuku wake wabala zipatso zooneka. Choncho Damiano analemba kuti mwa odwala sitiroko makumi atatu ndi awiri, makumi atatu anachira ndi nsungwi zake. Kawerengedwe kake kanali kosavuta: aliyense wosiya kubwera, ameneyo wachira.

"Munthu woti akuyenda yekha angabwererenji kuno?" anatero.

"Kodi inu munakulira kuti?" Eunice anamufunsa, mtima ukuwira. "Asiya kubwera mu Febuluwale. Ngolo zimene zimawabweretsa zili kumunda, zikututa fodya! Tiyeni tikawaone kumudzi."

"Tsiku lotumiza kafukufukuyu ndi Lachisanu. Ndiye ndizizungulira Nsaru ndi Kabudula pamatope? Iwe Eunice, ukufuna ukwati kapena ayi?"

Eunice anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Anakhala masabata atatu akumuyankha ndi mutu wokha, koma Damiano ankangoyimba mluzu, akupukuta nsungwi zake.

Tsiku lina kunabwera Dokotala Ivy, mayi wa magalasi wochokera kusukulu yopereka malo a maphunziro aja. Anayamikira manambala, kenako analoza dzina limodzi ndi cholembera.

"A Stanislaus awa, ochira m'masabata asanu ndi limodzi. Ndikufuna ndikawagwire chanza."

M'galimoto, popita kumudzi kwa a Stanislaus, Damiano ankalongolola ngati wailesi. Eunice ankangoyang'ana zigafa zodzaza fodya m'mbali mwa msewu.

Atafika, mayi Elizabeti, akazi a Stanislaus, anawayalira mphasa pakhonde.

"Abambo apita kumunda, eti?" Damiano anafunsa monyadira.

"Kumunda? Bwerani muwaone."

A Stanislaus anali gone m'nyumba. Mwendo umene mu Januwale unkaponya mapazi khumi pakati pa nsungwi unali utapindika, wouma gwa ngati mpini.

"Adokotala, mwatikumbuka?" anatero akumwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa. "Ng'ombe zatanganidwa ndi fodya. Ndimati mwina mutitsatira."

Dokotala Ivy sanakalipe. Anangovula magalasi n'kufunsa kuti, "Enawo makumi awiri ndi asanu ndi anayi, mwawaona ndi maso angati?"

Damiano anayang'ana Eunice. Eunice sanamuyang'ane; anali atagwada kale, akuwongola bondo la a Stanislaus pang'onopang'ono.

"Mayi, pali nsungwi pafupi?" Eunice anafunsa.

"Zili kudambo."

"Apatseni bambowa chikwanje," anatero Eunice akuloza Damiano. "Kukhoma amakudziwa. Kuwerenga ndiye ayi."

Malo a maphunziro anapita kwa wina, ndipo chaka chimenecho kutchalitchi kunalengezedwa maukwati a ena. Mwendo wa a Stanislaus unawongoka mu Ogasiti, koma mpaka lero amaukoka. Damiano anawerenga anthu amene sanawaone, kuiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.