Chilonda cha a Kamtedza

Kalekale, mbuzi zisanadziwe chingwe, panali munthu wina dzina lake Kamtedza. Ameneyu anali watulo. Amagona pakhasu, amagona pamaliro.

M'mudzi mwawo fisi amabwera usiku uliwonse. Lero mbuzi, mawa mbuzi. Khola linayamba kupepuka.

Tsiku lina a Kamtedza, tulo tili m'maso, anakhalira fuwa lamoto poyesa mpando. Psuu! Chilonda pathako, chachikulu ngati chipande.

Kukhala, ayi. Kugona, ayi. Usiku anatuluka, nakaima chilili pakhola, akubuula.

Fisi uja anafika, nadzidzimuka.

"Odi, achimwene. Simunagone?"

"Chilonda."

"Pepani. Chipola liti?"

"Kaya."

Fisi anabwerera ndi njala. Mawa lake anabweranso.

"Chapola?"

"Sichinapole."

Mkuja wake chimodzimodzi. Mbuzi zinayamba kuswana. Anthu anakondwa, namapereka nkhuku kwa a Kamtedza.

Fisi anaganiza, naganiza. Ndiye anabwera ndi mtolo wa mizu kumsana.

"Muzipaka kawiri patsiku, achimwene. Mukachira mugone ndithu. Thupi limafuna kupuma."

Mwana wanga, mankhwala a fisi anali enieni. Sabata isanathe, chilonda chinauma gwaa!

A Kamtedza anayala mphasa dzuwa likadalipo. Akazi awo, a Nankhoma, anaikoka mphasayo.

"Mukauza fisi kuti chapola, mbuzi zatha. Nkhuku zathanso. Kapena ndiikenso fuwa pamoto?"

A Kamtedza anayang'ana fuwa, nayang'ana mphasa. Anamanga chisanza m'chiuno, ulendo wa kukhola.

"Chapola?"

"Chakula."

"Ogo! Ndikasaka ina yamphamvu."

Fisi anasenza mizu chaka chonse. Anasenza, anasenza, mpaka chiuno chinatsika. Mbuzi sanalawenso. Anangosanduka sing'anga wopanda chipondamthengo.

Mbiri inamveka m'midzi ina. "Nafenso tipezereni wachilonda wathu!" Amuna ofuna nkhuku anathamangira kukhalira mafuwa, mpaka amayi anasowa pophikira. Kenako anthu anazindikira kuti chofunika si thako, koma maso.

Dzina lokha linakanirira. Wachilonda, wachilonda, malilime anatopa, nadula mutu. Panatsala mlonda. N'chifukwa chake wochezera usiku kuyang'anira katundu timati mlonda, ntchito yake kulonda.

Wamva? Si aliyense wokuzonda amene amakukonda. Wina amafunsa za chilonda chako, maso ali pakhola.

Nthano yanga yapolera pomwepa.