Mlendo wa pa Tsamba Lachisanu

Kodi ndi mlendo wanji amene amalowa m'chipinda chitseko chili chitsekere, n'kuimba nawo nyimbo, koma osapempha mpando kapena madzi akumwa? Funso limeneli linazunguza kwaya ya anthu khumi ndi awiri kwa milungu itatu, ndipo amene linamusowetsa mtendere kuposa onse ndi mayi wina wa sopulano yemwe anzake ankamutcha Nakhutu.

Kwayayi sinali yongokumana pakagwa zochitika. Kuimba inali ntchito yawo. Ankafika m'mawa ngati a mu ofesi, n'kukwera masitepe kupita m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mipando, aliyense ndi pensulo yake ndi botolo la madzi. Nakhutu anali atakhalamo zaka zisanu ndi zinayi. Dzinali analitengera kuthwa kwa khutu lake, pakuti wina akangophonya noti pang'ono pokha, iye ankatsinzina diso lakumanzere ngati dzino lamugwira.

Chaka chimenecho, bambo wina wachikulire wopeka nyimbo anawalembera nyimbo yamakono yoti akaiimbe koyamba pa konsati. Inalibe kolasi, ndipo pena ankangonong'ona, pena n'kumang'ung'udza. Pa tsamba lachisanu onse ankakhala chete kupatula awiri: Nakhutu ndi mlamu wake wa alito. Awiriwa ankayenera kugwira manoti awiri oyandikana kwambiri, okhulana ngati mpeni pa mbale yachitsulo, mpaka mtsogoleri wa kwaya atawerenga khumi. Pamwamba pake wopekayo analemba ndi dzanja lake kuti, "Apa mlendo alowa."

"Aphunzitsi, mlendoyu ndani?" anafunsa bambo wa besi. "Timuikiretu mpando?"

"Ndawafunsa eni nyimbo," anayankha mtsogoleri. "Akuti mlendo safunsidwa dzina akadali panjira."

Pa nthawi yopuma aliyense ankaponya yake. Ena ankati kudzabwera woliza chitoliro, ena ankati belu. Wa besi uja anati mwina ndi apongozi ake, chifukwa nawonso amafika osauza munthu. Nakhutu anaseka nawo, koma tsambalo analitenga kunyumba, n'kuliyang'ana mpaka tiyi anamuzizirira patebulo. Mapeto ake anagamula yekha mlandu: bambowo akalamba, dzanja linawatsetserekera, noti imodzi inagwera pamzere wolakwika.

Kuyambira tsiku limenelo, akafika pamalopo ankagwira noti yake mpaka zinayi, kenako n'kukwera pang'onopang'ono mpaka mawu awiriwo atagwirizana bwino. Zinkamveka zokoma ndithu.

"Alamu, mukundithawiranji?" ananong'ona wa alito.

"Sindikukuthawani, ndikukupulumutsani. Anthu adzati m'banja mwathu muli mkangano."

"Mkanganowo ulimo kale. Ambulera yanga ija munabweza?"

Mtsogoleri sanachedwe kumva. Anaimitsa kwaya n'kugogoda pensulo pa tebulo. "Mayi, gwirani pomwe palembedwapo mpaka khumi. Musakonze."

"Aphunzitsi, zaka zonsezi sindinaimbepo zolakwika mwadala. Ndiyambe lero, pamaso pa anthu?"

"Lachinayi eni nyimbo abwera kudzamvetsera," anatero mtsogoleri mofatsa. "Mukathawanso, gawoli ndipatsa wina."

Mawu amenewa anamulasa Nakhutu. M'kwaya yaing'ono chotere, kuimba awiri okha pa nyimbo yatsopano ndi ulemu wosabwera kawiri, ndipo Nakhutu anali atauza kale ana ake kuti adzakhale kutsogolo. Komanso mtima wake unkayabwa kufuna kumudziwa mlendoyo. Komabe ankakhulupirira khutu lake kuposa pepala.

Lachinayi bambo wopeka nyimbo anakwera masitepe mopumira, napempha kuti azimitse fani ndi kutseka mazenera, kenako anakhala kumbuyo atagwira chipewa pa bondo. Nyimbo inayenda mpaka tsamba lachisanu. Nakhutu anagwira noti yake. Zitatu, zinayi, diso linayamba kutsinzina. Zisanu, mano anachita dzanzi. Pa zisanu ndi chimodzi anati m'mtima, "Mwini wake akamva zokomazi athokoza," ndipo anakwera.

Bamboyo anakweza dzanja. "Mayi, mlendo anali atafika pakhonde. Mwamutsekera chitseko."

Mtsogoleri anakodola mayi wina wa sopulano, yemwe Nakhutu anamutsinzinirapo diso kambirimbiri, kuti aime pafupi ndi wa alito. Nakhutu anakakhala pambali pa wopekayo, nkhope ili yolemera, koma makutu ali tcheru.

Awiri aja anayamba. Mawu awo anakhulana monga kale, ndipo palibe anasuntha. Zinayi, zisanu, zisanu ndi chimodzi. Pofika zisanu ndi zitatu, m'chipindamo munayamba kunjenjemera kanthu, kakuya, kolira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Sikankachokera kumanja kapena kumanzere. Nakhutu anayang'ana a besi: pakamwa pawo panali potseka. Anayang'ana a tenala: chimodzimodzi. Wa besi wanthabwala uja anacheukira kuchitseko, ndipo nthabwala zinali zitamuthera. Pa khumi mtsogoleri anafumbata dzanja, kanthu kaja n'kuzimirira limodzi ndi mawu a amayi awiriwo.



"Aphunzitsi," anatero Nakhutu motsitsa mawu, "ndiyeseko kamodzi."

"Konsati ndi Loweruka, mayi. Awa agwirizana kale, sindiwasokonezanso."

Wopeka nyimboyo anavala chipewa chake, nayang'ana Nakhutu mwachifundo. "Khutu muli nalo labwino zedi. Munangotsala ndi ziwiri."

Loweruka ana a Nakhutu anakhaladi kutsogolo, ndipo pa tsamba lachisanu anaona mayi awo ataima mumzere, pakamwa pali potseka, akumvetsera ngati wina aliyense. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlendo uja sanali munthu, chitoliro kapena belu. Linali liwu lachitatu limene limabadwa lokha mumpweya, mawu awiri okhulana akagwiridwa nthawi yokwanira popanda wothawa.