Liwu Lochokera Kumbuyo kwa Imamu

Che Rajabu anafika pakhonde la Shehe Mtila titangotuluka mu swala ya Asr, pemphero la chakumadzulo. Anaimika njinga yamoto pansi pa mtengo wa mango, napereka salamu, n'kukhala pa mkeka asanalozeredwe pokhala. Ine ndinali nditakhala kale pamenepo. Nkhani imene inawabweretsa ndi yomwe inandibweretsa inenso, koma ndinali ndisanaiyambe.

Apa n'kuti ndisanachoke ku Ntaja kubwera kuno ku Durban kumene imvi zandipezera. Mkazi wanga Abiti Sumani, Allah awachitire chifundo kumene agonako, ankasoka pa shopu ya Che Rajabu pamodzi ndi matelala ena. Makina awo ndiwo ankatidyetsa, pakuti ine chimalizireni sekondale ntchito inali isanandipeze. Chaka chimenecho sukulu ina ya pulaimale inapatsa Che Rajabu ntchito yosoka yunifolomu. Iwo anapita okha ku Limbe n'kukagula nsalu yobiriwira, monga ankachitira zaka zonse, osadziwa kuti sukuluyo inali itasintha, tsopano ikufuna ya buluu. Matelala ankadziwa, pakuti ena mwa iwo ana awo ankaphunzira komweko. Koma anadula nsaluyo, naisoka yonse, osanena kanthu. Mphunzitsi wamkulu ataona katunduyo anamubweza.

Shehe Mtila anali munthu wamng'ono thupi, woyankhula motsitsa. Anawathirira mlendoyo tiyi ndi dzanja lawo, nadikira.

"Shehe, ndabwera kuti mundimasule mtima," anatero Che Rajabu. "Ndili ndi anthu amene amadya m'manja mwanga. Anaona ndikulowa m'dzenje, n'kumangondiyang'ana. Mawa ndikuwachotsa onse. Ndiuzeni ngati ndichimwa pamenepo."

Ine ndinazolika. Che Rajabu ankandidziwa kuti ndine mwamuna wa Abiti Sumani, koma sanandiyang'ane n'komwe.

"Pepani ndi nsalu yanu, Che Rajabu. Ndi chinthu chowawa," anayankha Shehe. "Munawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete?"

"Ndiwafunse chiyani? Ndi nkhanza basi."

"Nanga masiku onsewa, wina akaona kuti mwaphonya, amakuuzani bwanji?"

Che Rajabu anaseka pang'ono. "Pa shopu panga palibe amandiyankha, Shehe. Ndikanena ndanena. Ntchito imafuna mutu umodzi. Panali wina ankati azindiphunzitsa kudula kolala makasitomala ali pomwepo. Ndinamuchotsa pa makina, anagwira simbi mpaka anachoka yekha. Chiyambire pamenepo pali mwambo."

"Ndamva," anatero Shehe. Anamwa tiyi, kenaka anafunsa ngati asintha nkhani. "Munali nafe mu swala yathayi?"

"Ndinali mzere woyamba, kumbuyo kwanu kwenikweni."

"Chinachitika n'chiyani? Mundikumbutse, ine mutuwu wayamba kutaya zinthu."

Che Rajabu anawongola msana. "Swala ija ili ndi zigawo zinayi, marakaa, koma inu munakhala pansi pa rakaa yachitatu, Shehe, ngati swala yatha, pamene inatsala imodzi."

"Ndiye?"

"Wina anati Subhanallah, monga timachitira imamu akaiwala."

"Anali ndani?"

"Ndinali ine." Ananena mawuwa akundiyang'ana koyamba, kuti nanenso ndimve.

"Allah akulipireni zabwino," anatero Shehe. "Mukanakhala chete, mzikiti wonse ukanatuluka ndi swala yoperewera, ine patsogolo. Koma ndikufunseni. Ine ndinayamba kutsogolera swala inu musanavinidwe. Simunaope kundidzudzula pamaso pa anthu?"

"Kuopa chiyani? Ndi lamulo. Ndipo aliyense amadziwa kuti inu simukwiya. Mumaimirira, n'kumaliza, kenaka pakhomo mumathokoza amene wakukumbutsani."

"Tiyerekeze kuti tsiku lina munthu anandikumbutsa, ine n'kumutulutsa mu mzere woyamba, n'kumuuza kuti kuyambira lero aziswalira panja pafupi ndi nsapato. Lero mukanatsegula pakamwa?"

Che Rajabu anatembenuza kapu m'manja mwawo. Kenaka anafunsa, "Shehe, kodi munalakwitsa dala kuti mundikole?"

Shehe anaseka mpaka kutsokomola. "Ndikanakhala wochenjera chotero, Che Rajabu. Ayi, ndi ukalamba chabe. Swala sitisewera nayo. Koma taonani mmene chipembedzo chathu chinakonzera. Chinadziwa kuti woima patsogolo saona msana wake, ndipo chinaika mawu m'kamwa mwa oima kumbuyo. Sichinati akumbutse ophunzira okha kapena olemera okha. Ngakhale amayi kumbuyo kwenikweni kuja anapatsidwa njira yawo, amaomba dzanja. Mawuwo ndi aafupi, sanyoza munthu, ndipo imamu akawamva satembenuka kufunsa kuti wanena ndani. Amangokonza. Inu pa shopu panu mawu amenewo munawachotsa tsiku limene munapatsa munthu uja simbi. Anthu anu sanakukonzereni dzenje. Anachita zimene munawaphunzitsa."

Pamenepo Shehe anatembenukira kwa ine. "Che Idana, akunyumba kwanu amasoka kumeneko. Ananenapo kanthu?"

Ndinayankha kuti Abiti Sumani tsiku limene nsalu inafika sanadye. Ankati, "Ndikanena andichotsa, ndikapanda kunena nsalu ipita." Ndinaonjeza kuti kangapo anaimirira kuti akanene, koma akafika pa tebulo lodulira ankangopempha ulusi n'kubwerera.

Che Rajabu anandiyang'ana. "Ulusi uja ndikuukumbukira," anatero motsitsa. "Ndinawakalipira kuti akuwononga ulusi."

Zimene zinachitika m'mawa mwake ndinazimva kwa mkazi wanga. Palibe anachotsedwa. Yunifolomu yobiriwira ija anakaigulitsa pang'onopang'ono ku sukulu ina ya kutsidya kwa mtsinje, ndipo kuyambira pamenepo nsalu ikafika, Che Rajabu ankaiyala pa tebulo n'kufunsa aliyense sizasi isanalowe. Abiti Sumani anasoka pa shopu ija zaka zambiri. Makina amenewo ndiwo anaphunzitsa ana athu, ndiwonso anandikweza basi yobwera kuno. Shehe Mtila anatisiya ine ndili kunja, sindinaponye dothi pa manda awo, monganso sindinafike nthawi yabwino pa maliro a mkazi wanga. Chimene ndingathe ndi kuwapemphera onse awiri, ndi kulemba izi kuti a kwathu amene ali ndi anthu pansi pawo amve. Ndagwira ntchito pansi pa mabwana ambiri m'dziko lino, ndipo aliyense ndinkamuyesa ndi madzulo amenewo.

Koma pakhonde paja nkhani inali isanathe. Che Rajabu ataimirira kuti azipita, kunyada kunawabwerera pang'ono. Anaima pa sitepe, kiyi wa njinga ali m'manja.

"Chabwino, Shehe, sindiwachotsa. Koma nawonso analakwa. Abwere apepese, ndipo ine ndiwakhululukira."

"Analakwadi," anavomera Shehe. "Koma tamalizani nkhani ya swala ija. Nditaimirira n'kukwaniritsa rakaa yotsalayo, tinatani tisanabalalike?"

"Tinachita sijida ya kuiwala. Tinagwetsa nkhope pansi kawiri, kukonza cholakwacho."

"Tonse?"

"Tonse, mzikiti wonse."

"Anayamba ndani?"

Che Rajabu anayang'ana pansi. "Inu."

"Ndi mmene zimakhalira," anatero Shehe. "Anthu a kumbuyo sangatsogole imamu, ngakhale pa kupepesa. Pitani mawa mukayambe ndinu kugunditsa chipumi pansi. Mukadzadzutsa mutu, mudzapeza onse agwada kale pambuyo panu."