Diresi la Pansi pa Bokosi

Panali mayi wina, dzina lake Filesi. Mwina munamvapo mbiri yake: ndi uja anathawa ndi mkulu wa kwaya, mwamuna wa mwini, tsiku la Pasaka, mpingo wonse uli duu kudikira woyambitsa nyimbo. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri anabwerera kumudzi ataonda ngati nkhuku ya chitopa, ndi kajumbo kamodzi m'manja. Anabwera pa njinga ya Yotamu, mwana wa mchimwene wake, amene akuti anangokumana naye pamsika wina wa kutali.

Yotamuyo anali pafupi kukwatira, ndipo banja linali litasankha kale nsalu ya ukwati. Mwambo wake mukuudziwa. Abale onse amavala nsalu yofanana. Amene alibe, ngakhale adye mbale zitatu za mpunga, aliyense amaona kuti ndi wongobwera.

Achimwene ake a Filesi, a Dzimbiri, bambo a Yotamu, anamulandira bwino. "Mwafika, achemwali? Lowani." Koma za nsalu sanatchule. Filesi kuti afunse, manyazi. Ndiye anati mumtima, ndiigwirira ntchito. Anatunga madzi, anawaza nkhuni, anasinja mpunga mpaka manja kutuluka matuza. Alamu ake akamwetulira, ankati ndilimo. Akayang'ana kumbali, ankati basi, ndatsala.

Amayi a pamjigo nawonso sanaugwire mtima.

"Wanunkhiza nsalu ameneyu," anatero wina.

"Akamusokere mkulu wa kwaya!" anayankha mnzake, onse n'kufa nacho chikhakhali.

Kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, Filesi anapita kwa telala, a Jafali, amene ankasoka pakhonde la golosale. Ananamizira kudzaikitsa chigamba. Koma maso ake anali pa chingwe pomwe panapachikidwa madiresi a ukwati, lililonse ndi kapepala ka dzina. Anasuzumira uku, anasuzumira uko. Dzina lake panalibe.

"Mayi, khosilo lithyoka," anatero a Jafali. "Ngati mukufuna lanu, osangonena bwanji?"

"Langa liti, bambo? Ine ndangofika mwezi uno."

A Jafali analavula kaulusi, natsegula bokosi, napisa dzanja pansi penipeni. Anatulutsa diresi lopindidwa bwino.

"Ili ndi limene ndinayamba kudula, mvula isanathe n'komwe, la mayi a mkwati lisanakhudzidwe. Anabwera a Dzimbiri ndi mwana wawo. Mwanayo ananyamula diresi lanu lakale la kwaya kuti nditengerepo muyeso."

"Nthawi imeneyo zobwerera ndinali ndisanaziganize!"

"Inenso ndinawafunsa, nanga akapanda kubwera? Mkwati anati, 'Inu sokani. Azakhali ndikawatenga ndekha.' Kodi mumayesa pamsika paja ankangodutsa?"

Filesi anakhala pansi pakhonde pomwepo.

"Nanga achimwene osandiuza bwanji?"

"Munawafunsa?"

Analiyesa kuseri kwa golosale. Linamukulira, m'mapewa muli gwedegwede.

"Silikundikwana," anatero, misozi ndi kuseka zitasakanikirana.

"Sindilichepetsa," anatero a Jafali. "Linasokedwera Filesi wonenepa uja. Kadyeni, mudzalidzaza."

Anabwerera kunyumba diresi lili pamutu, nadzera dala pamjigo. Madzulo ake anasinjanso mpunga monga kale, koma tsopano ankasinja akuimba.

Abale anga, ena mwa inu mumavutika mumtima: kodi Mulungu anandisankha, kapena ndinatsala? Mumawerenga pankhope za anthu, mumawerenga matuza a m'manja mwanu, mumasuzumira pa chingwe chomwe si chanu. Lekani. Yang'anani amene anabwera kudzakutengani. Atate anakusankhani mwa Mwana wawo musanachimwe, musanalape, musanasinje ndi mtondo umodzi womwe. Diresi lanulo likakukulirani musadandaule, mudzakuliramo.

Ndipo inu a pamjigo, musathamangire kulengeza amene alibe nsalu. Pansi pa bokosi simunaonepo.