Madesiki makumi asanu ndi tambala mmodzi

Kuseri kwa nyumba kunali shedi ya akalipentala, ndipo utuchi wake unkalowa mpaka pansi pa bedi. Anali munthu waluso, koma ntchito zimene ankapeza zinali za mipando yothyoka miyendo ndi zitseko zokana kutsekeka. Choncho sukulu ina italengeza kuti ikufuna madesiki makumi asanu, anaona kuti mwayi wawo wafika. Wofuna ntchitoyo anayenera kutumiza mapulani ake pa intaneti, masamba onse m'fayilo imodzi ya PDF, pasanathe sabata.

Tsiku lomwelo anajambula desiki ndi pensulo pa mapepala anayi, nalemba miyeso yonse mwaukhondo, kenako anatola mapepalawo zithunzi ndi foni. Akazi awo, omwe anali telala ndipo anazolowera kutumiza masitayilo kwa makasitomala, anawatsegulira tsamba la pa intaneti losandutsa zithunzi kukhala PDF.

"Sankhani zithunzi zanu zinayi apa," anatero mayiwo. "Likakufunsani kukula kwa fayilo, musasankhe yaying'ono. Ikatuluka muitsegule kaye musanatumize."

"Amayi, inu kasokeni madiresi," anayankha akuseka. "Ntchito iyi ndi ya wofika msanga. Anzanga pano akusakasakabe pensulo."

Chala chawo chonenepa, chozolowera nyundo, chinagogoda zithunzi zinayi mothamanga. Tsambalo litafunsa kukula, anasankha yaying'ono chifukwa inkatuluka mwachangu.

"Abambo, thabwa mumaliyeza kawiri musanalidule. Nanga ichi?"

"Thabwa lilibe nzeru. Awa ndi makina, sasokoneza."

Anatumiza, nayika foni m'thumba. Sabata yonse ankapala matabwa akuimba mluzu, ndipo aneba onse anamva kuti iwo ndiwo anali oyamba kutumiza.

Tsiku lomva zotsatira anavala shati yosita n'kupita kusukulu kuja. Aphunzitsi aakulu, mayi wamagalasi, anawalandira akumwetulira kwambiri moti akalipentala anayamba kale kuwerenga matabwa m'mutu.

"Bambo, komiti yonse inakukondani," anatero aphunzitsiwo, akutembenuza kompyuta. "Takhala nthawi yaitali tisanaseke chonchi."

Tsamba loyamba linali desiki ndithu, koma logona chammbali. Pa lachiwiri ndi lachitatu manambala anali atasungunuka ngati inki yogwera madzi, osadziwika ngati ndi 3 kapena 8. Pa tsamba lachinayi, limene linayenera kusonyeza kutalika kwa miyendo, panali tambala wawo wofiira ataima pa benchi, khosi lili njo, akuyang'ana komiti ndi diso limodzi. Chithunzicho anatola okha mwezi wathawo pofuna kumugulitsa, ndipo chala chinachikhudza m'malo mwa pulani.

"Ameneyu ndiye kapitawo wanu?" anafunsa aphunzitsi.

Akalipentala anakanda pamutu. "Mapepala enieni ali kunyumba, mayi. Ndithamange ndikatenge?"

"Mwathamanga mokwanira. Madesiki tapereka kwa mnzanu amene anatumiza tsiku lomaliza. Miyeso yake imawerengeka ngakhale nditavula magalasi. Koma m'makalasi muli zitseko zitatu zokana kutsekeka, ngati mungazione."

Anavomera zitsekozo. Pobwerera anayenda pang'onopang'ono, mluzu wonse utauma.

Kunyumba anapeza akazi awo akupalasa makina osokera. Anafotokoza zonse ataima pakhomo, maso ali pansi. Mayiwo anayesa kudziletsa, analuma mlomo, koma atamva za tambala anagwetsa mutu pa nsalu, mapewa akugwedezeka. Posakhalitsa nawonso abambo anaphulika, mpaka misozi.

"Ndiye tambala walembedwa ntchito?"

"Ayi, nayenso amukana."

Ataseka mokwanira, akalipentala anakoka mpando, nakhala pafupi ndi akazi awo, n'kuwapatsa foni ndi manja awiri.

"Tayambiraninso pachiyambi, amayi. Ulendo uno ndikumvetsera."

Anatumiza oyamba, koma madesiki anapita kwa womaliza. Akuluakulu sananame: kuthamanga si kufika.